Kulemera kwa Chikwama cha Nambewe

Kummwera kwa Mitundu, ukadutsa msika n'kulowera njira yafumbi yopita ku maesiteti a fodya, munthu akadwala mpaka kufunika kukagonekedwa, anthu sankayamba ndi kufunsa za galimoto. Ankayamba afunsa kuti, "Kodi a Nambewe alipo?"

Dzina lake la ubatizo linali Felesiya, koma ankalitchula ndi mwamuna wake yekha, Jeremiya, nayenso akafuna kumuseka. Anali mayi wamfupi, wamapewa otambalala, wosalankhula zambiri. Sanali namwino, sanalinso mzamba. Ntchito yake inali ugadiyani. Kuchipatala wodwala sagona yekha, pamafunika womuphikira phala, womusambitsa, womuchapira, wothamangira anamwino zinthu zikasintha. Eni mudzi ali ndi abale awo. Koma matenanti a m'maesiteti, anthu ochokera ku Phalombe, ku Mulanje, ku Machinga, alibe aliyense kuno, ndipo mwamuna akasiya fodya kuti akadikirire mkazi, ndiye kuti chaka chatha. Nambewe anayamba n'kuperekeza mkazi wa tenanti wina chifukwa cha chisoni chabe, atangomaliza kudwazika mayi ake omubala. Kenako kunabwera wina, kenako winanso. Pomwe amadzazindikira, malo ophikira magadiyani ku Likuni ndi ku Nkhoma ankawadziwa ngati khitchini yake, mpaka mafuwa amene sagwedera. Ena ankamuthokoza ndi nkhuku, ena ndi chitini cha mtedza, ena ndi pakamwa pokha.

Munthu woyenda chotere amatha zikwama. Poyamba ankamanga katundu m'thumba la feteleza, koma mvula ikamupeza panjira ufa unkasanduka phala. Anagula chikwama chija cha mizeremizere chomwe amanyamula amalonda, zipi yake inaphulika pasiteji pa Nathenje, anthu akuona, mthiko uko, sopo uko, nyemba zili mbwee mumsewu. Mwana wake Gift, yemwe ali ku Joni, atamva anatumiza sutikesi yonyezimira ya matayala. Matayalawo anathera pa ulendo woyamba, m'miyala ya pakati pa mudzi ndi msewu, ndipo akabaza ankaikana chifukwa siinkamangika panjinga. Inatsala m'nyumba, Jeremiya n'kumasungiramo mbewu.

Ndiye tsiku lina la msika anapita pa benchi ya Efulemu, bambo wogulitsa ndi kusoka zikwama, amene ankakhala kumapeto kwa mzere wa kaunjika.

"Amayi, inu mumayenda pa chiyani?" anafunsa Efulemu.

"Pa chilichonse chapezeka. Njinga yamoto, minibasi, nthawi zina ngolo."

"Ndiye za matayala iwalani. Zamatumba ambirimbiri iwalaninso, thumba lililonse ndi zipi, zipi iliyonse ndi mlandu."

Anasolola pansi pa mulu chikwama cha nsalu yokhuthala ngati ya tenti, chobiriwira mozilala. Anachitembenuza chadodolido n'kumuonetsa malamba onyamulira, kuti sanangosokedwa pakamwa ayi, anazungulira pansi ponse n'kutulukira mbali inayo. Nambewe sanakhulupirire za pakamwa. Anakoka zipi kupita ndi kubwera, mano ake anali achitsulo, akuluakulu. Anapisa mutu m'kati n'kununkhiza ngati mulibe nkhungu. Anachikweza kudzuwa kuti aone ngati misoko ikudutsa kuwala. Kenako anabwereka miyala ya sikelo kwa mayi wogulitsa mchere pafupi, n'kuiponyamo, n'kuyenda nacho mpaka pa mjigo ndi kubwerera.

"Lamba wa paphewayu ndi wopyapyala, andicheka," anatero.

"Ndimusokerera chikopa pompano. Khalani pansi."

Chinali chikwama chabwino. Pansi ankaika zolemera, kandowa kotseka ka ufa ndi kapoto kolowetsamo makapu. Sopo ankamukulunga payekha m'jumbo kuti ufa usamve fungo. Zitenje sankazipinda, ankazikulunga ngati mkeka n'kuzitsendera m'mbali kuti poto asagogode. Machesi ankakhala m'kabotolo ka mafuta odzola, tochi ndi chaja ya foni pamwamba penipeni, beseni kunja, lomangidwa ndi lamba. Ankalongedza chimodzimodzi ulendo uliwonse, moti akanatha kupeza mchere atatsinzina. N'chifukwa chake zitayamba zachilendozo anadziwa kuti si iye walakwitsa.

Zinayamba ndi a Gilibati, tenanti wachikulire wa pa esiteti yoyandikana nawo, amene anali ndi bala la pamwendo losapola. Sanali wodwala wodetsa nkhawa, ankaseka, ankadya. M'mawa wa tsiku la ulendo Nambewe anatseka zipi, n'kugwira malamba kuti anyamule. Chikwama chinakana kuchoka pansi. Anayesanso, chinanyamuka, koma ngati muli njerwa zonyowa. Anakhuthula zonse pamkeka, akuganiza kuti mwina adzukulu abisamo miyala. Munali ufa womwewo, poto yemweyo, zitenje zomwezo. Analongedzanso. Kulemera kunali pomwepo.

"Bambo a Gift, tandinyamulireni ichi," anaitana mwamuna wake.

Jeremiya anachinyamula ndi dzanja limodzi, n'kuchivinitsa. "Ukalamba wakupeza, Felesiya. Uzidya."

Anaseka naye, koma phewa linamuwawa njira yonse. A Gilibati sanabwerere ndi miyendo yawo. Bala linalowa m'magazi, ndipo anawabweretsa pa lole ya bwana wa esiteti. Pobwerapo chikwama chinali chopepuka ngati mulibe kanthu.

Nambewe sanaganizirepo zambiri. Anaperekeza mwana wa malungo, chikwama chinali bwinobwino, mwana anachira. Anaperekeza mnyamata wothyoka mkono, mayi wa diso, gogo wa chifuwa amene aliyense ankati sabwerera, onse chikwama chinapepuka ndipo onse anabwerera. Kenako mtsikana wina wongodandaula mutu, chikwama chinamira pansi ngati chamera mizu. Mtsikanayo anamwalira asanathe sabata.

Apa mantha anamugwira. Tsiku lina akupita ndi wodwala chikwama chili chopepuka, anaima pa mtengo pomwe mavenda ogula soya amapachika sikelo, n'kuchikoloweka, n'kusunga mumtima pomwe singano yaima. Ulendo wina chitalemera anachitanso chimodzimodzi. Singano inaima pomwe paja. Mkono wake wokha ndi umene unkamva kulemerako.

Anabwerera kwa Efulemu n'kuchiika pa benchi.

"Chang'ambika?" anafunsa bamboyo, akuchitembenuza.

"Ayi. Ndingofuna kudziwa kuti chinali cha ndani."

"Amayi, za m'belo sitifunsa. Zimabwera zitatsenderedwa ndi za anthu ambirimbiri, ena amoyo, ena kaya." Anamuyang'ana kumaso n'kusiya kuseka. "Chikukuchitani chiyani?"

"Chikumalemera."

Efulemu analowa kuseri kwa benchi n'kutulutsa china chakuda, chatsopano, chikadali m'pepala lake la kufakitale. "Ichi sichinanyamulepo katundu wa munthu. Koma zipi yake ndi yapulasitiki, muziipaka kandulo. Chanucho ndisiyireni."

Chatsopanocho chinayenda maulendo angapo mwamtendere, Nambewe mpaka anayamba kuimba nyimbo za kwaya polongedza. Kenako m'mawa wina, akupita ndi bambo wina wotupa miyendo, anagwira malamba, n'kumva kulemera kuja, kozizira, kokokera pansi. Anakhala pamkeka nthawi yaitali, manja ali pamiyendo. Anazindikira kuti nkhani siinali ya chikwama. Mlungu wotsatira anakatenganso chobiriwira chake, poti chinali cholimba, ndipo sichinalakwe kanthu.

Sanauze munthu, ngakhale abusa. Jeremiya yekha ndiye ankadziwa, ndipo ankangoti, "Usamazitengere, moyo ndi wa Mulungu." Koma khalidwe lake linasintha. Chikalemera, ankauza achibale a wodwala kuti, "Imbirani kumudzi, amayi ake abwere adzamuone." Ankamuphikira wodwalayo chimene wachilakalaka, kaya ndi therere, kaya ndi mbewa, osawerengera. Anthu si opusa, anayamba kuona kuti amene a Nambewe awaitanira abale sabwerera. Ena anayamba kunong'ona pa chitsime. Ena ankasuzumira nkhope yake akamatuluka m'nyumba ndi chikwama, kuti aone ngati phewa lapendekeka. Koma matenda akafika, ankabwerabe pakhomo pake, chifukwa panalibe wina.

Chaka china, mwezi wa Okutobala, anthu akuthirira nazale za fodya, kunabwera Calvin, tenanti wachinyamata wochokera ku Phalombe. Mkazi wake Tawina anali ndi pakati poyamba, ndipo kusikelo anamuuza kuti mwana wakhala mopingasa, akadikirire ku chipatala chachikulu. Tawina anali mtsikana wamanyazi, wokonda kubwera kudzathandiza Nambewe kusenda mtedza popanda womutuma. Ankamutchula kuti amayi, ndipo Nambewe, yemwe analibe mwana wamkazi, ankayankha ndi mtima wonse.

Analongedza dzulo lake, n'kuonjezera tinsalu ta mwana. M'mawa kutacha anapemphera kaye, n'kugwira malamba.

Sichinasunthe n'komwe. Sichinalemerepo chotere. Anakoka ndi manja awiri mpaka msana unalira, chikwama chinangokwekwereka pang'ono pa simenti.

Jeremiya anali pakhonde, akukhoma mpini wa khasu. Anamva kukwekwerezako n'kulowa.

"Chayambanso?"

Nambewe anangogwedeza mutu, misozi ili lengelenge. "Mwana uja, bambo a Gift. Mwana wa eni uja."

"Ndiye pita ukamuyang'anire bwino. Ukakhala pano n'kumalira, athandizidwa ndi ndani?" Anachinyamula yekha, mopepuka ngati kale, n'kupita nacho panja pomwe njinga zamoto ziwiri zinkadikira. Anachimanga ndi malegeni kumbuyo kwa ina, n'kukoka mfundo kuti aone ngati yagwira. "Ukabwera undigulire mbatata za pa Nathenje, zofiira m'kati zija."

"Ndamva," anayankha Nambewe, koma maso ake anali pa Tawina, amene ankakwera njinga inayo mwapang'onopang'ono, atagwira chiuno. "Iwe wakabaza, uyende ngati wanyamula mazira. Ukamugwetsa udziwa ine."

Anadutsa njira yachidule yotulukira ku Nathenje. Dzuwa linali litakwera, minda ili mbuu, yopsereza kale, phiri la Bunda likuoneka ngati likuyandama mu utsi kumbuyo kwawo. Pa dambo lina louma kavuluvulu anadzuka pakati pa msewu, wamtali, wofiira, n'kuima osapita kumanja kapena kumanzere. Akabaza anaima. Kunali zii, ngakhale nyenje zinaleka kulira. Kavuluvuluyo anawadutsa pambali, mapesi akuuluka, n'kulowera kumene iwo ankachokera. Wakabaza wina analavula malovu pansi. Nambewe anatsika n'kukafunda Tawina chitenje kumutu, ngakhale kunali kotentha.

Pasiteji pa Nathenje kondakitala anaponya chikwama kumbuyo kwa minibasi ndi dzanja limodzi. Amayi ogulitsa mbatata anali pomwepo, koma Nambewe anati adzagula pobwerera. Njira yonse ya ku Nkhoma anagwira dzanja la Tawina, mpaka mtsikanayo anaseka.

"Amayi, mukundifinya. Mukuopa kuposa ine?"

"Khala chete. Ukumva kupweteka pena?"

"Ayi."

"Ukangomva kanthu undiuze, ngakhale kakang'ono."

Masiku amene anakhala kodikirira amayi oyembekezera, Nambewe sanachoke pambali pake. Madzi ankatuma magadiyani anzake. Anaimbira Calvin kuti apeze njira yoti amayi a Tawina anyamuke ku Phalombe, ndipo Calvin atamva zimenezo analira pafoni, chifukwa nayenso anali atamva zonong'ona za pa chitsime. Chikwama chinali pakona, ndipo m'mawa uliwonse Nambewe ankachiyesa ndi zala ziwiri. Chinali ngati anachikhomera pansi. Jeremiya anaimbapo kawiri, kumuuza kuti mbuzi yaswa ndiponso kuti mchere watha, koma Nambewe ankadula msanga. "Ndili ndi wodwala, tilankhulana."

Matenda anayamba m'mawa wa Lachinayi. Dzuwa likufika pamutu anamwino anamutengera Tawina ku opaleshoni, akuyenda mofulumira, osayang'ana munthu. Nambewe anakhala pa benchi ya panja pa chitseko, milomo ikuyenda yokha. Ankadziwa mmene zimakhalira. Namwino amatuluka, amayang'ana pansi, amafunsa kuti gadiyani ndi ndani.

Namwino anatulukadi. "Gadiyani wa Tawina?"

Nambewe anaimirira. "Ndine."

"Mwana wamkazi. Mayi atayako magazi koma ali bwino, adzuka. Bweretsani nsalu za mwana."

Nambewe anathamanga ngati mtsikana. Atafika pakona paja anagwira malamba ndi manja awiri, n'kukoka ndi mphamvu zake zonse monga anazolowerera masiku amenewo. Chikwama chinauluka, iye n'kudzandira chambuyo mpaka kugunda khoma. Chinali chopepuka ngati khoko la mtedza. Anayamba kuseka, magadiyani anzake akumuyang'ana. Anaseka mpaka misozi, akuti mumtima mwake, chanama, nthawi ino chanama, zatha.

Anapereka nsalu, anaona kamwanako, kofiira, kokwiya, nkhonya zili gwa. Anatuluka kukakhala pamthunzi kuti aimbire Jeremiya amuuze. Foni inalira iye asanadine. Anali Zipora, mlongo wake wa Jeremiya.

"Alamu, muli pati?"

"Kuchipatala konkuno. Mwana wabadwa, Zipora! Onse ali moyo!"

Kumbuyo kwa Zipora kunkamveka mawu a anthu ambiri.

"Alamu, mubwere. Achimwene anachokera kudimba, anati akhale pang'ono pansi pa mango. Ndimati agona. Ndapita kukawadzutsa kuti adye..." Mawu anathera pomwepo.

"Nthawi yanji?"

"Posachedwapa. Dzuwa lili pamutu."

Nambewe anayang'ana chikwama chili pambali pake, chitatseguka pakamwa. Sanalire pomwepo. Anakumbukira kuti m'mawa uja, mwamuna wake akumanga malegeni, iye sanamuyang'ane kumaso. Anayesa kukumbukira malaya amene anavala, sanathe. Zaka zonsezo ankaganiza kuti kulemerako kumanena za munthu amene akupita naye, chifukwa nthawi zonse zinkakhala choncho. Sizinamubwerere m'mutu kuti kungathenso kunena za munthu amene akumusiya.

Amayi a Tawina anafika madzulo omwewo, ndipo Nambewe anawasiyira poto, ufa ndi beseni, n'kunyamuka. Adokotala a ku Mitundu anati unali mtima. Anamuika Jeremiya Loweruka, Gift atafika. Pamaliro anthu ena anakhala patali ndi mkazi wamasiyeyo, koma Calvin anasiya nazale yake n'kukumba nawo manda, kenako anabwera kudzagwada pamaso pake.

Anakhala miyezi osayenda. Gift anamuchonderera kuti asiye, akuti azimutumizira zonse zofunika. Iye ankangovomera. Koma mvula itagwa, malungo atabuka m'maesiteti, mayi wina wachilendo anafika pakhomo m'mawa, mwana ali kumsana, khosi lili lende. Anaima patali, osadziwa poyambira. Nambewe anamuyang'ana kanthawi, n'kulowa m'nyumba kukalongedza.

Mpaka pano akuyendabe, ngakhale tsitsi layera ndipo pokwera njinga amafuna womugwira. Sauza munthu ngati chalemera kapena ayi, ndipo anaphunzira kuyenda phewa lili chilili kuti asawerengedwe. Koma anayamba mwambo wina umene ukuwasowetsa mtendere anthu a m'mudzimo. Asananyamuke, wodwala akakhala kuti angathe kudikira pang'ono, amazungulira makomo onse apafupi, kuyambira kwa Zipora. Amaodira, amadikira mpaka wina atuluke, amafunsa ana mmodzimmodzi kuti ali kuti, ndipo aliyense amamuyang'ana kumaso nthawi yaitali kuposa mmene anthu amayang'anirana. Amachita zimenezi ulendo uliwonse, kuti pasakhale wodziwa kusiyana kwake. Ena akamva kuodira kwake amatseka chitseko n'kukhala chete m'nyumba, ana atawagwira pakamwa. Iye sakwiya. Amaima pabwalo n'kunena mokweza kuti, "Ndapita, tsalani bwino," kenako amapita khomo lina.

Tawina satseka. Amatuluka ndi mwana wake, amene tsopano akuyenda, n'kumuimiritsa patsogolo. Nambewe amawerama, amakagwira kamwanako masaya onse awiri, amakayang'anitsitsa mpaka kayambe kudzipotokola kufuna kuthawa. Akatero amakasiya, n'kumapita kumsewu kumene wakabaza akumudikira.